Ndalama Yachitsulo Yodzionerapo Nkhope

Ana inu, mukatumidwa kumsika wa Mbulumbuzi, wa Namitambo kapena wa pa Boma, chenji chomwe mumabwerera nacho masiku ano chimakhala chamapepala chokhachokha. Ndalama zachitsulo za K1, K5 ndi K10 zikusowa ntchito, poti nkovuta kupeza kanthu kogula nazo. Zimangogona m'zitini, m'madirowa ndi pansi pa masutikesi, ndipo m'nyumba zina zimagona limodzi ndi zinzake zakalekale, za nthawi yomwe agogo anu anali anyamata ndi atsikana. Komatu padziko pano pali anthu okonda kutolera ndalama zoterezi, osati zokagulira mchere ayi, koma zosunga ndi kuziphunzira. Munthu wotere mukampatsa ndalama, dzina la dziko ndi chaka amangoona kamodzi. Chomwe amachedwa nacho ndi kuwala kwake. Amaipendeketsa uku ndi uku pafupi ndi nyale, n'kumadzifunsa kuti kuwalako kunachokera kuti.

Funsoli si lachibwana. Ndalama ziwiri zikhoza kukhala za dziko limodzi, chaka chimodzi, chithunzi chimodzimodzi, zonse zili waliwali, koma imodzi n'kukhala yosowa pamene inzake ndi yoonongeka kale. Lero ndikufuna muphunzire kusiyanitsa ndi maso anuanu, makamaka kuzindikira mtundu wa ndalama umene otolera amautchula kuti proof-like. Tiyambire kwathu konkuno.

Dziko lathu litalandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julayi 1964, linasulitsa ndalama zakezake zoyamba zachitsulo. Zinali zinayi, ndipo zonse mbali imodzi zinali ndi nkhope ya Dr Hastings Kamuzu Banda, yomwe anaikonza mmisiri wina wobadwira ku Hungary, dzina lake Paul Vincze. Mukatembenuza sikisipensi mumapeza tambala. Pa sheleni panali chimanga chomangidwa pamodzi, pa ndalama ya masheleni awiri panali njovu, ndipo pa ya masheleni awiri ndi theka panali chizindikiro cha dziko chija chokhala ndi mkango ndi kambuku. Sizinasulidwe ku Blantyre kapena ku Zomba, koma ku fakitale ya Royal Mint ku Britain. Mu 1971 mapaundi ndi masheleni anatha ntchito, kunabwera kwacha ndi tambala. Paundi imodzi inasanduka K2, sheleni inasanduka 10 tambala. Nchifukwa chake chimanga chinangosamukira pa 10 tambala, njovu zinapita pa 20 tambala, pamene tambala uja anatsikira pa kandalama kofiirira ka 1 tambala.

Tsono tamverani ichi. Zaka ziwiri zonsezi, 1964 ndi 1971, a fakitale anapanga ndalama zathu m'njira ziwiri. Mamiliyoni ambiri anali oti adzayende m'manja mwa anthu, kugulira sopo, usipa ndi parafini. Koma panalinso zochepa zomwe anazipanga mosamala mwapadera n'kuziika m'timabokosi togulitsa kwa otolera: mabokosi 10,000 a ndalama zinayi mu 1964, ndi mabokosi 4,000 a ndalama zisanu ndi imodzi mu 1971. Zam'mabokosizi ndizo zimatchedwa proof. Zithunzi zake ndi zomwezo za kumsika, koma malo athyathyathya ozungulira chithunzi ndi osalala moti munthu amadzionerapo nkhope. Nanga galasi limeneli limafikapo bwanji pa chitsulo?

Ndalama yachitsulo saisungunula n'kuithira m'chikombole ayi. Amaidinda. Poyamba amadula tizitsulo tozungulira, topanda chilembo chilichonse. Kachitsulo kamodzi amakaika pakati pa zidindo ziwiri zachitsulo cholimba kwambiri, china pansi china pamwamba, ndipo m'mbali mumakhala mphete yokaletsa kuphwatalala. Kenako makina amapanikiza zidindozo ndi mphamvu ya matani ambirimbiri. Mphamvuyo ndi yoopsa moti chitsulo chozizira, cholimba gwa, chimayenda n'kukadzaza dzenje lililonse la m'chidindo. M'kuphethira kwa diso kachitsulo kaja kasanduka ndalama. Makina a masiku ano amatulutsa mazanamazana pa mphindi imodzi, zonse n'kumagwera m'chotengera chimodzi, kugundana ngwengwengwe.

Apa imani kaye kuwerenga, mukatape dongo lija mumaumbira ng'ombe. Muliphwatalitse bwino, musindikizepo K10 wamba ya njovu, ya mtundu umene Reserve Bank of Malawi inatulutsa mu 2012, kenako muichotse pang'onopang'ono. Taonani chomwe chatsala. Njovu, yomwe pa ndalama ndi yotumphuka, pa dongo yasanduka dzenje. Malo athyathyathya oizungulira, omwe pa ndalama ali pansi, pa dongopo ndiwo ali pamwamba. Malembo nawo atembenuka. Chidindo cha kufakitale chimaoneka chimodzimodzi dongo lanulo: chokwera pa ndalama ndi chotsika pa chidindo, chotsika pa ndalama ndi chokwera pa chidindo. Mfundo imeneyi muigwiritsitse, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Malo athyathyathya aja tiziwatchula kuti bwalo la ndalama.

Mmisiri akatenga chidindo kuti achisalaze, chopukutira chake chimakhudza malo okwera okhaokha, ndiye kuti bwalo. M'maenje a chithunzi ndi a malembo sichifikamo. Akachipukuta mpaka kuwala ngati galasi, ndalama yodindidwa nacho imatengera zonsezo: bwalo lake limakhala galasi, pamene chithunzi chimatsala chotuwa mbuu. Pokonza zidindo za proof, amisiri ambiri amachita kuwonjezera dala kutuwako. Amapopera timchenga tosalala kwambiri m'maenje aja, ena masiku ano amagwiritsa ntchito kuwala kwa laser, kenako n'kupukuta bwalo lokha. Ndalama yake mukaipendeketsa bwino, bwalo limada bii, chithunzi n'kuoneka ngati chikuyandama pamwamba. Ndi chinthu chokongola zedi. Pa proof zina zakale kusiyana kwa bwalo ndi chithunzi sikukhala kwakukulu chotere, koma galasi la pabwalo limakhalapo ndithu.

Chidindo chokha sichikwanira. Tizitsulo todzakhala proof nato amatipukuta n'kutitsuka tisanadindidwe. Munthu amaika kamodzikamodzi ndi dzanja. Makina amadinda pang'onopang'ono, kawiri kapena kupitirira apo, kuti chitsulo chifike m'kangodya kalikonse. A Royal Mint amanena kuti proof zawo za masiku ano zimadindidwa mpaka kasanu ndi kamodzi, ndipo pa ola lathunthu zimatuluka pafupifupi 50 zokha. Ikatha kudindidwa, amainyamula atavala magolovesi, osalola kuti ikhudzane ndi inzake. Choncho proof ndi kapangidwe, si kasungidwe. Ndalama yomwe inapangidwira kumsika, ngakhale muisunge bwino chotani, singasanduke proof.

Nanga proof-like? Iyi ndi ndalama wamba yomwe inachita mwayi. Chidindo cha ndalama za kumsika chikakhala chatsopano chimakhala chosalala. Chakale nacho nthawi zina amachichotsa pamakina n'kuchipukuta kuti afufute zokanda ndi dzimbiri. Akachibwezera, ndalama zoyambirira kudindidwa zimatengera kusalala konse kwa chidindocho, n'kutuluka zili ndi bwalo lodzionerapo nkhope. Palibe anazikonzera ulemu uliwonse. Kachitsulo kake sikanapukutidwe, kanadindidwa kamodzi kokha mothamanga, n'kugwera m'chotengera limodzi ndi zinzake. Zimafanana ndi proof, koma si proof.

Mwayiwu sukhalitsa, ndipo chifukwa chake ndi chosangalatsa. Paja tati chitsulo chimayenda chikapanikizidwa. Chimayenda kuchokera pakati kulowera m'mphepete, ndipo poyendapo chimakhula nkhope ya chidindo. Kukhula kumodzi sikuoneka, koma ndalama zikamadindidwa zambirimbiri, pa chidindo pamayamba timizere tating'onoting'ono, tosaoneka ndi maso, tonse tochokera pakati kupita kumkombero. Ndalama zotsatira zimatengera timizereto. Kuwala kukagwa pamalo osalala kumabwerera mbali imodzi, nchifukwa chake mumaona chithunzi chanu. Kukagwa pa timizere kumamwazika, chithunzi osaonekanso. M'malo mwa galasi mumapeza kuwala kwa mtundu wina. Tengani ndalama yatsopano yomwe sinayendeyende, muipendeketse pansi pa nyale imodzi n'kumaizunguza pang'onopang'ono. Muona mizere yowala ikuzungulira ngati masipoko a njinga ya kabaza. Kuwala kwa masipokoku ndiko kwa ndalama wamba yatsopano, ndipo otolera amakukonda nakonso, chifukwa ndi umboni wakuti palibe anaipalapo. Koma ndalama za masipoko zilipo zambiri. Za galasi ndi zochepa, poti chidindo chimodzi chimadinda ndalama zikwizikwi, ndipo galasi limathera kumayambiriro komweko.

Tsopano tiyese. Pitani kwa agogo mwaulemu: "Agogo, kodi mungandionetseko makobiri anu akale aja? Ndingoona, ndibweza." Akalola, sambani m'manja ndi sopo, mupukute mpaka muume. Yalani nsalu yofewa patebulo kapena pamphasa kuti ndalama ikapulumuka igwere pofewa. Igwireni m'mbali mokha, pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Kuwala kukhale kochokera mbali imodzi, monga pazenera m'mawa kapena tochi ya foni m'nyumba. Padzuwa la masana chilichonse chimathobwa m'maso, simungaone kanthu.

Mufunikanso rula ya kusukulu ndi pepala lokhala ndi malembo ooneka bwino. Tsamba la buku likhoza, koma ine ndimakonda ndalama yapepala ya K500 kapena ya K2000, chifukwa pamenepo pali nkhope ya m'busa John Chilembwe, mwana wa konkuno ku Chiradzulu, amene anayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe mu 1900. Mubwereke kwa amayi kapena abambo. Goneketsani rula, muimiritse ndalama yachitsulo poyambira pa rulayo, ndipo pepala lija muliike moyang'anizana nayo, pafupi kwambiri. Suzumirani pabwalo la ndalama. Kodi mukuona malembo, otembenuka monga amaonekera pagalasi? Ngati mukungoona mtundu wa pepala uli mbuu, malembo osadziwika, ndalamayo ndi yowala chabe. Ndalama zathu zatsopano za K1, K5 ndi K10 zimawala kwambiri chifukwa cha chitsulo chake, koma zambiri zimalephera pomwepa. Ngati malembo akuoneka bwinobwino, yambani kusuntha pepala pang'onopang'ono motsata rula, mpaka pomwe malembowo asokonekere. Werengani masentimita. Kenako tembenuzani ndalama muyesenso kuseri, chifukwa chidindo chapamwamba chikhoza kukhala chatsopano pamene chapansi ndi chotopa, ndipo akatswiri amafuna galasi mbali zonse ziwiri.

Muyeso umenewu si masewera a ana okha. Ku America kuli makampani omwe ntchito yawo ndi kupima ndalama za otolera, monga PCGS yomwe inayamba mu 1986 ndi NGC yomwe inayamba mu 1987. Ndalama yomwe inatchukitsa nkhani ya proof-like kumeneko ndi dola yasiliva yotchedwa Morgan, potengera dzina la George T. Morgan amene anaijambula. Ya kumsika inasulidwa kuyambira 1878 mpaka 1904, kenako mu 1921. Boma la America linasula zochuluka kuposa zomwe anthu ankafuna, moti matumba ambirimbiri, lililonse la ndalama 1,000, anakhala m'zipinda zokhoma zaka makumi angapo. Atayamba kuwatulutsa m'ma 1960 ndi m'ma 1970, anthu anapezamo ndalama zomwe sizinagulepo kanthu, zina za masipoko, zina za galasi. Pa madola amenewa, malembo akaoneka bwino pa mtunda wa masentimita 5 mpaka 10, ndalamayo imawerengedwa kuti ndi proof-like. Akaoneka mpaka masentimita 15 kapena kupitirira, amati ndi ya galasi lakuya, amailembera zilembo zakuti DMPL, ndipo mtengo wake umakwera kwambiri kuposa inzake ya chaka chomwecho.

Tinene kuti mwapeza 20 tambala ya 1971 ndipo malembo akuoneka pabwalo lake. Mtima usathamange. Funso latsala ndi lakuti, kodi ndi proof yothawa m'bokosi, kapena ndi proof-like? Zimachitika ndithu kuti mwini bokosi amamwalira, wina wosadziwa n'kutsegula, ndalama zija n'kukagulira buledi. Yambani ndi mkombero. Proof, poti inadindidwa kangapo, mkombero wake umakhala wathyathyathya pamwamba, ngodya yake yakuthwa, yoima chilili kuzungulira ndalama yonse. Wa proof-like umakhala wobulungira pang'ono, ndipo mbali ina ukhoza kukhala wokwera kuposa ina. Kenako onani tinthu ting'onoting'ono: makwinya a khungu la njovu, nthenga za tambala, njere za chimanga, tsitsi la pachithunzi. Pa proof chilichonse chimaoneka pachokha. Pa proof-like pakati pa chithunzi pakhoza kukhala pofooka, poti chitsulo sichinapatsidwe mpata wachiwiri wodzaza dzenje lakuya. Galasi lokulitsira zinthu limathandiza pamenepa, ndipo ngati kusukulu kwanu kulibe, kamera ya foni ikhoza kukulitsa mokwanira.

Pali zipsera zomwe zimaulula proof-like msanga. Paja inagwera m'chotengera, inalowa m'thumba, inayenda ulendo wautali ikugundana ndi zinzake. Mkombero wa inzake umasiya timabala tating'ono tobayika, ndipo pabwalo la galasi timabalato timaonekera patali. Galasi lakenso nthawi zambiri silikhala lofanana paliponse: pena lakuya, pena lachifunga, ndipo mukaizunguza mukhoza kuona masipoko ofooka akuyamba kumera cha kumkombero. Proof yomwe inayendako kumsika imakhala ndi zokanda nayonso, koma mukasuzumira m'malo obisika, monga pakati pa malembo a dzina la dziko, mumapeza galasi lakuya lidakalipo, chifukwa zala sizifikamo. (Mukadali pa dzina la dzikopo, yang'anani chilembo cha W. Pa ndalama za 1971 chilibe kanthu pamwamba, koma pa zina za zaka zotsatira anachiveka kachipewa, n'kukhala Ŵ. Otolera amaziwerenga ngati mitundu iwiri.) Chomaliza ndi kufufuza m'mabuku a otolera kapena pa intaneti ngati chaka chimenecho kunapangidwa proof n'komwe. Ngakhale zonsezi zitachitika, pamapezeka ndalama zina zomwe akatswiri enieni amatsutsana, wina akuti proof, wina akuti ayi. Inunso mukakayika, nenani kuti mukukayika.

Tsopano ndifike pa chomwe chimandipweteka mtima. Kwathu kuno mwana wabwino ndi amene amakwecha poto mpaka kuwala, ndi phulusa, ndi mchenga, ndi sitiliwulu. Ndi khalidwe labwino kukhitchini. Ndiye mwana wotere akapeza kobiri lakuda m'chitini cha agogo, mwina lobooka pakati lija la nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, lokhala ndi njovu ziwiri, amaganiza zolichitira chifundo. Amalinyika m'madzi a ndimu, amalikwecha ndi phulusa, amalipukuta pa kabudula mpaka lili psuu. Likuwala, inde, koma laonongeka, ndipo palibe mmisiri padziko lonse angalibwezeretse.

Kumbukirani dongo lija. Wopukuta chidindo amakhudza bwalo, chithunzi n'kutsala. Wopukuta ndalama amachita zosemphana: nsanza yake imakhudza malo okwera a ndalamayo, ndiye kuti chithunzi ndi malembo, pamene m'tingodya ta bwalo sifikamo. Choncho ndalama yopukutidwa kunyumba imawala polakwika. Tsaya la pachithunzi, khutu la njovu, chifuwa cha tambala, zonsezi zimanyezimira, koma zafafanizika, zabulungira. Bwalo limawala pakatikati pokha, ndipo mukayang'ana m'mphepete mwa chilembo chilichonse mumapeza kamzere kakuda kapena kaufa koyera ka mankhwala opukutira. Mukaipendeketsa pa nyale mumaona tizokanda tambirimbiri topyapyala, tokwera pachithunzi n'kutsikira pabwalo mosasankha. Masipoko aja sapezekanso, chifukwa timizere towabala tapalidwa. Galasi lake ndi lachifunga, malembo a pa K500 saoneka bwino ngakhale pafupi.

Pali kamsampha kamodzi apa. Mmisiri wa kufakitale nayenso nthawi zina amasiya tizokanda pa chidindo pochipukuta, ndipo ndalama imatengera. Musaiweruze msanga kuti inapukutidwa kunyumba. Chokanda cha pa chidindo ndi kangalande, ndiye pa ndalama chimatuluka chotumphuka. Komanso chimathera pomwe chithunzi chayambira, n'kukapitirira mbali inayo, ngati chadutsa pansi pake, poti chopukutira sichinalowe m'dzenje. Chokanda cha nsanza ndi cholowa m'kati, ndipo chimadutsa pamwamba pa chilichonse. Mukatha kusiyanitsa ziwirizi, ndiye kuti maso anu akhwima kuposa a akuluakulu ambiri ogulitsa ndalama zakale. Makampani opima aja ndalama yopukutidwa saipatsa giredi yeniyeni. Amangolemba kuti inatsukidwa, ndipo ogula amatsitsa mtengo kwambiri. Kobiri lakuda losakhudzidwa limaposa kobiri lowala lokwechedwa.

M'zitini za m'midzi yathu simukhala ndalama za Malawi zokha. Azigogo ambiri anapita ku Joni kukagwira ntchito m'migodi, ena ku Salisbury ndi ku Bulawayo, ndipo pobwera ankatsala ndi makobiri a kumeneko m'matumba. Mukadzaona ndalama yaikulu yolemera ya masheleni asanu ya ku South Africa, yomwe inkasulidwa kuyambira 1947 mpaka 1960, zaka zambiri ili ndi nyama yotchedwa springbok kuseri, muisamale, chifukwa ili ndi siliva. Fakitale ya ku Pretoria inkapanga ndalama imeneyi ya kumsika, ya proof, komanso ina yochepa ya proof-like yokonzera dala otolera. Fakitale ya ku Canada nayo m'ma 1950 ndi m'ma 1960 inkagulitsa ndalama za proof-like zosankhidwa bwino. Ndiye proof-like zina ndi zamwayi, zina ndi zochita kukonza ndi zidindo zopukutidwa, koma popanda ntchito yonse ija ya proof yeniyeni. Yomwe agogo analandira pa malipiro n'kuyenda nayo m'thumba mpaka ku Chiradzulu, mosakayika ndi ya kumsika.

Ndikuuzeni zoona, kuti musadzakhumudwe. Kupeza proof-like m'chitini cha kumudzi nkovuta. Galasi la pa ndalama ndi losachedwa kutha: kungoyenda m'matumba masiku owerengeka, lapita. Ndalama zambiri zomwe mudzaone zidzakhala zakutha, zosalala chifukwa cha manja a anthu. Mwinanso munamvapo akuluakulu ena akunena kuti kobiri lobooka kapena K1 yakale ya tambala ikugulidwa ndalama zankhaninkhani. Musatengeke nazo. Ndalama zomwe zinasulidwa mamiliyoni sizisowa, ndipo otolera a kunja amazipeza motchipa. Mphekesera zotere ndi zomwe akathyali amakolera anthu. Munthu wachilendo akakuuzani kuti mukatenge makobiri a agogo mumubweretsere, kauzeni makolo, ndipo musapite kukakumana naye nokha. Phindu la kuyesa kwathu kuja ndi lina. Mwana amene wazolowera kuyang'ana mkombero, kufunafuna masipoko, kufunsa ngati kamzere ndi kotumphuka kapena kolowa, waphunzira kuona chinthu n'kudziwa chomwe chinachichitikira. Luso limeneli ndi lomwe amagwiritsa ntchito asayansi, madokotala ndi amakaniko. Ndiponso sheleni yakutha ija ikhoza kutsegula pakamwa pa agogo. Afunseni kuti, "Agogo, sheleni imeneyi inkagula chiyani ku Limbe?" Mudzamva zomwe m'buku la kusukulu mulibe.

Mukapeza ndalama yabwino, kaya ya galasi kaya ya masipoko, mdani wake woyamba ndi chala chanu. Thukuta lili ndi mchere ndi mafuta, ndipo chala chikagunda pabwalo, mizere yake imadyerera m'chitsulo pakapita miyezi, osachokanso. Musalankhulire kapena kupumira pamwamba pake, poti timadontho ta malovu timasanduka mawanga. Musaipukute ngakhale ndi malaya ofewa, chifukwa kafumbi ka pansalu kamakanda galasi. Mdani wachiwiri ndi chinyontho. Kuno kwathu chiperoni chikatsika m'miyezi ya Juni ndi Julayi, phiri la Chiradzulu osaonekanso, zinthu za m'nyumba zimachita nkhungu, ndipo ndalama zofiirira monga 1 tambala ndi 2 tambala zimamera dzimbiri lobiriwira. Zisungeni pouma, kutali ndi mchere, feteleza ndi utsi wa kukhitchini. Mapulasitiki ena ofewa amatulutsa zomata zobiriwira pakapita nthawi, choncho musazikulunge m'majumbo. Nyuzipepala nayo imadetsa chitsulo.

Ndalama iliyonse ikhale m'kaenvelopu kakekake ka pepala loyera louma, kuti isagundane ndi inzake. Lembanipo ndi pensulo musanaikemo ndalamayo, kuopa kuti nsonga ya pensulo ingaidinde. Mulembe dziko, chaka, mtengo wake, amene anakupatsani ndi mudzi womwe inapezeka, kaya ndi kwa Kadewere, kwa Likoswe kapena ku Nguludi. Pansi pake mulembe zomwe rula inakuuzani mbali zonse ziwiri, mwachitsanzo "kumaso masentimita 6, kuseri masentimita 3", ndi tsiku lomwe munayesa. Chaka chamawa mudzayesenso. Masentimita akadzachepa kapena mawanga akadzaoneka, mudzadziwa kuti malo osungirawo ali ndi chinyontho, muisamutse ndalamayo.